Ife tikusaka mwana, anthu ankasaka wolakwa

Mwana wa mlongo wanga anasowa Lachiwiri madzulo m'mwezi wa Julaye, zaka ziwiri zapitazo, nthawi imene mwera umaomba usana ndi usiku ndipo ogula mpunga amakhala ali pikitipikiti m'midzi ya kwathu ku Nkhotakota. Anali ndi zaka 7, ali mu Sitandade 2. Ataweruka kusukulu anadya nsima, mayi ake anamutuma kukagula mchere kumsewu, mcherewo anabwera nawo n'kuusiya pakhonde, kenako anabwerera kumsewu komweko kukasewera ndi anzake monga ankachitira masiku onse. Mudzi wathu uli kum'mwera kwa boma, pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja, chakufupi ndi Chia, choncho mwana wa kwathu akachedwa kufika pakhomo mtima wa kholo umathamangira kuwiri, kumadzi ndi kumsewu. Dzuwa litalowa mlongo wangayo anayamba kuitana, ndipo pamene mdima unkagwira anafika kunyumba kwanga atanyamula juzi ya mwanayo m'manja, n'kunena kuti, “Achimwene, mwana uja sakuoneka, ndipo wachoka osavala juzi.”

Ndikulemba izi monga malume wake wa mwanayo, amenenso ndine mwini mbumba pabanja pathu. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa maina a anthu amenewa anayenda kale mokwanira m'mafoni a anthu osawadziwa. Mwanayo anapezeka wamoyo patapita masiku atatu. Ndanena zimenezi poyambirira kuti musawerenge mtima uli m'mwamba, pakuti chimene ndikufuna kuti mumve bwino ndi zimene zinachitikira bambo ake m'masiku atatuwo, komanso mbali imene ine ndinatengapo.

Usiku woyambawo tinachita zimene mudzi uliwonse ukanachita. Tinadziwitsa a nyakwawa, apolisi a m'mudzi anadzutsa anthu, ndipo anyamata anatenga matochi n'kugawana mbali, ena kudoko, ena m'bango, ena m'minda ya mpunga imene inali itangokololedwa kumene. Tinasuzumira m'zitsime, m'maenje a zimbudzi zosamalizidwa, m'maenje oumbira njerwa ndi m'nyumba yoonetsera kanema. Chimene sitinachite, ndipo ndimadziimba nacho mlandu mpaka lero, ndi kupita kupolisi usiku womwewo. Munthu wina wachikulire anati apolisi akatibweza kuti tiyambe tadikira tsiku lathunthu, ndipo ife tinakhulupirira osafunsa. Titapita m'mawa, funso loyamba la wapolisi amene anatilandira linali lakuti n'chifukwa chiyani tinagona nayo nkhaniyo, popeza uthenga ukanapita usiku womwewo kwa anzawo a pa marodibuloko a mumsewu wa ku Salima ndi wa ku Dwangwa. Mwana akasowa, wina atsale akusaka, koma wina akwere kabaza nthawi yomweyo kukanena kupolisi, ngakhale kutakhala kuti ndi pakati pa usiku.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo pabanja pathu ndine ndili ndi foni ya intaneti. Choncho m'bandakucha wa Lachitatu, tisanapite n'komwe kupolisi, ndinalemba uthenga wopempha aliyense amene wamuona mwanayo kuti atidziwitse. Ndinauika pa Facebook komanso m'magulu atatu a WhatsApp, la aphunzitsi a m'zoni yathu, la kumpingo, ndi la anthu a ku Nkhotakota amene amakhala m'matauni ndi ku Joni. Pamenepo ndinalakwitsa zinthu ziwiri zimene panthawiyo sindinazione ngati zolakwika. Ndinaikapo nambala ya alamu anga, bambo ake a mwanayo, poganiza kuti mwini mwana ndiye ayenera kumva msanga. Chinanso chinali chithunzi. Chithunzi chokhacho chatsopano chimene ndinali nacho ndinachijambula milungu itatu m'mbuyomo, tsiku limene alamuwo anabwera ndi injini ya boti. Mwanayo waima akumwetulira, dzanja lili pa injiniyo, bambo ake ali kumbuyo kwake, ndipo khomo la nyumba yawo likuoneka bwinobwino. Ndikanadula chithunzicho n'kusiya nkhope ya mwana yokha, nkhaniyi sikanafika pamene inafika.

Maola oyambirira ndemanga zinali zachisoni ndi za mapemphero, ndipo anthu ambiri anatumiza uthengawo kwa anzawo ndi mtima wabwino. Cha m'ma 9 koloko pa Facebook panabwera funso la munthu amene sindimudziwa: “Kodi injini imeneyi bamboyu wagula liti?” Wina anayankha kuti asodzi a masiku ano si owakhulupirira. Wachitatu analemba kuti, “Afunseni bwino bambo akewo, mwana samangosowa.” Pofika masana palibenso amene ankafunsa, aliyense anali akudziwa. M'magulu munalowa uthenga wa mawu wa mayi wina amene ankati ndi wa m'mudzi mwathu, ngakhale kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene analizindikira liwu lakelo, akufotokoza mwachifatse kuti bamboyo anaoneka usiku akukwera bwato ndi mwanayo kupita kutsidya kwa sing'anga wa ku Mozambique, ndiponso kuti mwanayo amusandutsa ndondocha kuti boti lizidzaza usipa. Munthu aliyense wobadwira kunyanja akudziwa kuti ndi mwera wa sabata imeneyo panalibe woti n'kuwoloka pa bwato, koma amene ankatumizirana uthengawo anali ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg. Wina anawonjeza kuti mwanayo ndi wachialubino, pamene chithunzi chinali pomwepo kusonyeza kuti si choncho. Madzulo kunabwera chithunzi china cha anthu atazungulira mtembo m'bango, cha kudera lina ndi nthawi ina, atalembapo kuti wapezeka. Mlongo wanga anachiona pa foni ya mnzake asanamve kwa aliyense wa ife kuti n'chabodza, ndipo anakomoka pabwalo.

Alamu angawo ndi mkamwini, kwawo ndi ku Mangochi, ndipo panthawiyo anali atakhala pamudzi pathu zaka zoposa 10. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wosapezeka pa mowa, amene akakhala ndi chisoni amangoti duu n'kugwira ntchito. Injini ija inali yakale, anaigula kwa msodzi wina amene ankasiya usodzi, ndipo ndalama zake zinachokera ku mpunga wa zaka zitatu, mbuzi zinayi zimene anagulitsa, ndi ngongole imene mlongo wanga anatenga ku banki mkhonde. Ndikudziwa zimenezi chifukwa ine ndemwe ndinalemba kalata ya mgwirizano wa malondawo n'kusainira ngati mboni. Lachitatu limenelo, kuyambira kusanache mpaka dzuwa litafika pamutu, alamuwo anali m'madzi olekeza m'chifuwa, akufufuza m'bango ndi nsungwi yaitali, malo amene ng'ona sizisowa. Atatuluka akunjenjemera, amayi anga anawakakamiza kukhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwapatsa tiyi. Mnyamata wina anawajambula kanema wa mphindi imodzi ali ndi kapu m'manja, ndipo kanemayo anayenda dziko lonse ndi mawu akuti, “Taonani, mwana wasowa iye akumwa tiyi, ndi msozi womwe alibe.” Maola asanu ndi limodzi a m'bango aja panalibe amene anawajambula.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena chinthu chimene chimandilemera kuposa zonse. Tsiku lonselo ndinali ndi foni m'manja, kuwerenga ndemanga iliyonse poopa kuti mwina pakati pake pali ya munthu amene wamuona mwana. Mawu amodzimodzi ukawawerenga kambirimbiri, kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, ena a iwo ophunzira bwino ndi ena akuluakulu a mpingo, amayamba kukulowa osazindikira. Ndinayamba kukumbukira tinthu timene kale sindinkatiganizira: kuti alamuwo anapita kwawo ku Mangochi mwezi wathawo, kuti sakonda kuyang'ana munthu m'maso, kuti usodzi wawo unayamba kuyenda bwino mofulumira. Chakumadzulo ndinamuitanira mlongo wanga kuseri kwa khitchini n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, “Chemwali, undiuze zoona. Bambo akewa Lachiwiri masana anali kuti? Palibe chimene unaona chachilendo masiku apitawa?” Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali otupa, kenako anangoti, “Achimwene, inunso?” Sanawonjezepo mawu ena. Anatembenuka n'kubwerera pakhonde pomwe panali juzi ija. Ndinazindikira mochedwa kuti alamuwo anali mkati mwa khitchinimo akuwotha moto, ndipo anamva zonse.

Sindikufuna kuti wina andimve ngati ndikunena kuti kholo silingapweteke mwana wake, kapena kuti anthu amene amakayikira ndi amisala. Mantha amenewa ali ndi kumene anachokera. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino linaona kubedwa ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino, ndipo pa milandu ina achibale enieni anakhudzidwa. Pa mlandu wa MacDonald Masambuka wa ku Machinga, amene anaphedwa mu 2018, mchimwene wake anali mmodzi mwa anthu amene khoti linawapeza olakwa mu 2022. Munthu amene anamva nkhani zotere sangachitire mwina koma kudzidzimuka akamva kuti mwana wasowa. Koma tiyeneranso kukumbukira mbali inayo. Mu 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayenda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Mlandu wa ku Machinga uja unatenga zaka zinayi, mboni zikufunsidwa mmodzimmodzi, kuti olakwa adziwike. Alamu anga anaweruzidwa m'maola asanu ndi atatu, umboni wake uli chithunzi cha injini ndi kapu ya tiyi.

Lachitatu madzulo ntchito yosaka mwana inaima. Ichi ndicho chimene anthu olemba ndemanga sachiona. Anyamata omwe aja amene usiku wapitawo anali m'bango ndi matochi anati palibe chifukwa chovutikira m'madzi pamene wodziwa kumene kuli mwana wakhala pakhonde. Anabwera pakhomo pa mlongo wanga, kukubweranso anthu a m'midzi ina amene anailondola nyumbayo chifukwa cha chithunzi chija, ndipo posakhalitsa miyala inayamba kugwa padenga la malata. Wina ankafuula kuti atulutse injini aiwotche, wina kuti atuluke mwiniwakeyo. A nyakwawa, munthu wokalamba woyendera ndodo, anaima pakhomo n'kunena kuti wofuna kulowa ayambe wawaponda iwo, ndipo anawagwira anthuwo ndi mawu mpaka galimoto ya apolisi inafika. Foni ya alamu inali itazimitsidwa kuyambira masana chifukwa inkalira mosalekeza ndi anthu otukwana ndi oopseza, kutanthauza kuti ngati panali munthu amene anayesa kuimba ndi uthenga weniweni, sanatipeze. Usiku wachiwiri wonse panalibe amene ankasaka mwana, kupatula mlongo wanga amene ankazungulira nyumba yophwanyidwa mawindo akuitana dzina lake.

Apolisi anawatenga alamu kuti awateteze, ndipo anatiuza zimenezi momveka pamaso pa a nyakwawa. Koma wina anawajambula akukwera galimotoyo, ndipo ola lisanathe uthenga unali ponseponse wakuti wamangidwa ndipo wavomera. Zoona zake n'zakuti anawafunsa mafunso, monga anafunsiranso mlongo wanga, ine, ndi mayi wa golosale kumene mwanayo anagula mchere. Mwana akasowa apolisi amayambira kwa makolo chifukwa ndiwo akudziwa zovala zake, anzake ndi kumene amakonda kupita, ndiponso chifukwa ndi ntchito yawo kutsimikiza kuti pakhomo palibe chobisika. Kufunsidwa si kumangidwa, ndipo ngakhale womangidwa, ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati aonekere kukhoti pasanathe maola 48 ndipo amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ndikulangiza kholo lililonse limene lingagwe m'vuto lotere kuti lisakwiye ndi mafunso a apolisi, liyankhe zonse ngakhale zowawa, chifukwa mafunso ofunsidwa m'chipinda ndi munthu amene akulemba m'buku amatha kukuyeretsa, pamene a pa intaneti sadikira yankho.

Nditasintha uthenga uja n'kuikapo nambala yanga, Lachinayi m'mawa anandiimbira bambo wina wa mawu aulemu amene anati ali ku Dwangwa ndipo mwanayo ali naye. Anafotokoza malaya ofiira ndi kabudula wa yunifolomu, n'kupempha K40,000 ya mafuta kuti abwere naye. Nditapempha kuti ndilankhule ndi mwanayo anati wagona chifukwa cha kutopa. Tinasonkherana ndalamazo n'kutumiza pa foni, ndipo kuyambira pamenepo nambala yake sinapezekenso. Zonse zimene anafotokoza zinali zimene ine ndemwe ndinalemba pa Facebook. Mwanayo ali ndi chipsera cha moto pa bondo lamanzere chimene sindinachitchule mu uthengawo, ndipo ndikanangomufunsa bamboyo kuti pa mwendo wa mwanayo pali chiyani, bodza lake likanaonekera pomwepo. Polengeza za mwana wosowa, sungani chizindikiro chimodzi osachilemba, kuti mudzayesere nacho oimba foni, ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene simunamve mawu a mwana wanu ali naye.

Chimene chinatsegula njira sichinachokere pa foni. Lachinayi lomwelo kunabwera wapolisi wamkazi wa ku nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, amene anapempha mkeka n'kukhala pansi ndi ana amene ankasewera kumsewu Lachiwiri lija, mayi awo ali chapafupi. Sanawafunse kuti mnzawo ali kuti, popeza funso limenelo ife tinali titawafunsa kale mokalipa ndipo onse anati sakudziwa. Anawafunsa kuti ankasewera masewera anji. Kamnyamata kena ka zaka 8 kanati ankasewera chibisalirano, ndipo katafunsidwa kuti malo abwino obisalapo anali ati, kanayamba kulira n'kunena kuti mnzakeyo anakwera pa lole imene inkapakira mpunga n'kulowa pansi pa tenti pakati pa matumba. Poyamba kanabisa poopa chikwapu, chifukwa ana onse analetsedwa kukwera malole. Kenako, katamva akuluakulu onse akunena motsimikiza kuti bambo ake ndi amene amutenga, kanaganiza kuti zimene kanaonazo n'zopanda ntchito. Tonsefe tinali ndi yankho m'mudzi momwemo kwa masiku awiri, koma phokoso lathu linatsekereza mwana yekhayo amene anali nalo. Wapolisiyo anandiuzanso za nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane Helpline imene amayendetsa a bungwe la YONECO, kumene munthu aliyense, ngakhale mwana, angathe kunena nkhani yokhudza chitetezo cha ana. Nambala imeneyi ndinailemba pa bolodi m'kalasi mwanga ndipo sindiifufuta.

Madzulo a tsikulo chilengezo chinamveka pa wayilesi, ndipo chinaperekedwanso m'mizikiti ndi kwa atsogoleri a mipingo. Chinali cha mawu ofatsa, chonena kuti mwana wa zaka 7 akuganiziridwa kuti anatengedwa mosadziwa ndi lole ya mpunga yolowera ku Salima, ndipo aliyense amene akumusunga apite naye kwa mfumu kapena kupolisi mopanda mantha. Lachisanu m'mawa uthenga unabwera wakuti mwana ali ku Salima.

Tinamupeza atakhala pa benchi, atavala juzi yaikulu ya munthu wina, akudya mbatata yootcha. Pambali pake panali mayi wogulitsa malonda pa Kaphatenga, pamene msewu wochokera kwathu umakumana ndi wopita ku Lilongwe, ndipo zimene anatifotokozera mayiyo n'zimene zinandichititsa kuti ndilembe nkhani ino. Mwanayo anagona tulo pansi pa tenti, lole inanyamuka, inadutsa Benga ndi Khombedza iye ali mtulo, ndipo anadzidzimuka n'kuyamba kulira usiku pamene oyendetsa anaima pa Kaphatenga kuti amange bwino zingwe. Wothandizira dalaivala anamutsitsa n'kumuimika pafupi ndi mayiyo, amene ankalongedza malonda ake, anasiya kandalama pang'ono n'kunena kuti, “Mayi, ife sitikufuna milandu,” ndipo lole inapita. Mayiyo anamutengera kunyumba, anamusambitsa, anamupatsa phala. Mwanayo pofunsidwa kwawo ankangoti kunyanja, choncho mayiyo anaganiza za ku Senga Bay ndipo anakonza zoti m'mawa akanene. Koma m'mawa mwake, asananyamuke, mwana wawo wamkulu anawaonetsa chithunzi pa foni, pansi pake pali ndemanga zonena kuti aliyense amene apezeke ndi mwanayo ndi mnzake wa bamboyo ndipo awotchedwe. “Bambo, ine ndine wamasiye,” anatero mayiyo akundiyang'ana, “ndinaona kuti ndikatuluka naye pamsewu andipha ndisanafotokoze. Ndinamutsekera m'nyumba, ndikulira, iyenso akulira.” Anasunga mwanayo masiku awiri ena chifukwa cha mantha, mpaka atamva chilengezo cha pa wayilesi chija, m'pamene analimba mtima kupita kwa mfumu yawo kusanache. Sindimuimba mlandu mayi ameneyu, ndipo mpaka lero timamuyendera. Mwana wathu akanabwerera Lachitatu m'mawa, koma ndemanga za anthu amene ankati akumumenyera nkhondo zinamuwonjezera usiku uwiri kutali ndi mayi ake.

Ndinalengeza nthawi yomweyo kuti mwana wapezeka ali bwino, ndinafotokoza za lole, ndipo ndinapempha anthu kuti afufute zimene analemba. Uthenga umenewo sunayende ngati woyamba uja. Owerengeka analemba kuti Mulungu ndi wabwino, awiri kapena atatu anapepesa, koma ambiri anangokhala chete ngati sanalembepo kanthu. Ena anapeza pothawira n'kunena kuti bamboyo wamubweza mwana chifukwa mankhwala alephereka anthu atadziwa. Alovi atatu anasiya kugwira ntchito pa boti la alamu, amayi ena ogula usipa anayamba kulilambalala likafika padoko, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde inavuta kubweza moti chaka chisanathe injini ija inagulitsidwa pa mtengo wotsika. Kusukulu ana ena ankamutchula mwanayo kuti ndondocha, mpaka ine ndi aphunzitsi aakulu tinachita kuitana makolo awo. Malamulo otetezera munthu pa zoterezi alipo. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kunena mnzako kuti ndi mfiti, ndipo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limapereka chilango kwa munthu wogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta poopseza kapena kuzunza mnzake. Ndinali nditajambula ndemanga zoopsezazo pamodzi ndi manambala ake, ndipo ndikulangiza aliyense kuti azitero zisanafufutidwe, koma alamu anakana kukasuma. Anati atopa ndi kuyang'anidwa.

Kwa inu amene mumalandira mauthenga otere m'magulu, ndikudziwa kuti ambiri mumatumiza ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo chithunzi cha mwana wosowa chikayenda ndi mawu oona okha chimathandizadi. Koma ngati mukudziwa kanthu kenikeni kokhudza kholo, kaya munaona ndi maso anu mwana akumenyedwa kapena akuperekedwa kwa mlendo, malo ake ndi kupolisi, kwa a zachitetezo cha ana a ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kapena pa 116, kumene adzakufunsani kuti munaona liti ndiponso munali pati. Ngati zimene muli nazo ndi zongomva kwa wina amene anamvanso kwa wina, kumbukirani kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. M'gulu la aphunzitsi anzanga, woyang'anira gululo anatseka ndemanga Lachitatu masana n'kulemba kuti mulowe uthenga wochokera kubanja kapena kupolisi wokha. Ena anamunyoza kuti akubisa chilungamo, koma ndi gulu lokhalo limene ndinkatha kulitsegula popanda kunjenjemera manja, ndipo aphunzitsi a m'gulu limenelo ndi amene anasonkha ndalama ya chilengezo cha pa wayilesi.

Panatenga mwezi wathunthu kuti ndilimbe mtima kupita kwa alamu. Ndinanyamula tambala, ndinatenga amalume anga kuti andiperekeze, ndipo tinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Nditakhala pansi ndinati, “Alamu, ndinakulakwirani. Zimene ndinafunsa kuseri kwa khitchini zija munazimva, ndipo ndabwera kudzapepesa.” Anapitiriza kusoka kwa kanthawi osadzutsa mutu, kenako anati, “Anthu a pa foni aja sandidziwa, alamu, ndipo sindiwasungira kanthu. Koma inu munasainira kalata ya injini ija ndi dzanja lanu.” Ndinalibe choyankha. Anaitana mlongo wanga kuti alandire tambalayo, tinadya nsima limodzi, ndipo timayenderana, ngakhale kuti macheza athu sanabwerere pamene anali kale.

Mwezi wathawu chithunzi chija chinandipezanso m'gulu lina la WhatsApp, mwana ali ndi dzanja pa injini, bambo ake ali kumbuyo, pansi pake atalemba kuti bamboyu wapha mwana wake ku Nkhotakota ndipo tumizani kwa ena kuti agwidwe. Ndinaimbira mayi amene anachitumizayo, ndinadzitchula kuti ndine malume wake wa mwanayo, ndipo ndinamufotokozera zonse kuyambira pa mchere mpaka pa Kaphatenga. Anati iye amangothandiza, anapepesa, ndipo anachifufuta m'gulu limenelo, koma sanathe kukumbukira magulu ena onse amene anachitumizako. Mwanayo tsopano ali mu Sitandade 4 ndipo akuwerenga bwino Chichewa. Masana ena amabwera kwathu kudzabwereka foni yanga kuti aonere mpira, ndipo ndisanamupatse ndimayamba ndatsegula magulu onse, limodzilimodzi, kuona ngati chithunzicho chabweranso.